Kakhutu ka mwana wanuyo musakadulitse msanga

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa kalata ya mayi amene analemba m'nyuzipepala yanu masabata apitawa, akufunsa ngati khutu la mwana wawo wakhanda lidzatambasuke akamakula. Anati mwanayo anabadwa ndi kanyama kopindika pamalo pa khutu lakumanja, kopanda bowo, ndipo akhala akukasisita m'mawa ndi madzulo poganiza kuti mwina kafunyululuka. Nditawerenga ndinaika nyuzipepalayo pansi kwa kanthawi, chifukwa zaka 10 zapitazo wosisitayo ndinali ine.

Amayi, ndikuuzeni mosapsatira: sikatambasuka. Kazikula pang'ono limodzi ndi mwanayo, koma sikadzasanduka khutu lathunthu, ndipo bowolo silidzatseguka lokha. Alipo ana ena obadwa ndi khutu lathunthu koma lopindika kapena lokhwinyata. Amenewo madokotala amatha kuwaveka kachikombole kofewa m'masabata oyambirira, khutu lisanalimbe, n'kuwongoka. Wanu ndi wanga si a gulu limenelo, chifukwa chowongolacho n'chimene palibe. Vutoli madokotala amalitcha microtia, kutanthauza khutu laling'ono, ndipo khutu likasoweratu amati anotia. Ku America amati mwana mmodzi mwa ana 2,000 mpaka 10,000 amabadwa chonchi. Limagwa kwambiri pa anyamata kuposa atsikana, kumanja kuposa kumanzere, ndipo mwa ana 10 otere, pafupifupi 9 limakhala khutu limodzi lokha. Wanga zonse zitatuzi zinamugwera: mnyamata, kumanja, limodzi.

M'kalata yanu munalembanso chiganizo china chachidule chimene chinandibaya, chakuti mwina munagonera mbali imodzi nthawi yaitali muli oyembekezera. Ayi ndithu. Khutu limaumbika m'miyezi itatu yoyambirira ya mimba, kuchokera ku timatotupa 6 timene timamera m'mbali mwa mutu n'kulumikizana, nthawi imene ambirife timakhala tisanayambe n'komwe kumva kulemera. Kagonedwe, kugwa, kunyamula katundu, zonsezo sizifika kumeneko. Zodziwika kuti zimawonjezera chiopsezo ndi zochepa: matenda a shuga amene mayi anali nawo asanatenge mimba, ndi mankhwala ena monga isotretinoin wa ziphuphu ndi thalidomide. Kwa ana ambiri chifukwa chake sichipezeka. Ine ndinataya chaka chathunthu ndikudziimba mlandu, ndipo chakacho chikanapita ku chinthu china chimene palibe anandiuza msanga.

Chinthucho ndi kumva. Tonse maso athu amathamangira pa kanyamako, abale akabwera amayang'ana pomwepo, ena amachita kupotoza khosi kuti aone bwino. Koma vuto lalikulu lili pamene sitiona. Ana ambiri otere alibe ngalande yolowera mawu, nthawi zina ngakhale nembanemba ya m'khutu palibe, ndipo timafupa ting'onoting'ono ta m'kati timakhala topunduka kapena tomatana. Chosangalatsa n'chakuti khutu lam'kati kwenikweni, kachiwalo kooneka ngati nkhono kamene kamatumiza mawu ku ubongo, kamaumbika mwanjira yakeyake ndipo nthawi zambiri kamakhala kabwinobwino. Ndiye kuti mwanayo si wogontha mbali imeneyo. Mawu akungosowa njira yofikira.

Yesani izi muli pompo. Tsekani makutu onse awiri ndi zala, kenako gogodani mano. Mumva bwinobwino, mwinanso mokweza kuposa kale. Mawuwo sanadzere m'bowo, adzera m'fupa la chigaza. Zipangizo zothandiza ana athuwa zimagwira ntchito chomwecho: kachipangizo kamatola mawu n'kuwasandutsa kunjenjemera, fupa n'kuwapititsa ku kankhono kaja. Wakhanda amavala kachipangizoko pa lamba wofewa wozungulira mutu, popanda opaleshoni iliyonse. Akafika zaka 5 kapena kupitirira, fupa litakhuthala, n'zotheka kuika kachitsulo ka titaniyamu m'fupamo kuti kachipangizoko kazikhala pamenepo. Nzeru imeneyi inachokera ku Sweden. Per-Ingvar Brånemark ndiye anaona m'zaka za m'ma 1950 kuti fupa limagwirana ndi titaniyamu mpaka osalekananso, ndipo mu 1977 Anders Tjellström, ku Gothenburg, anaika zitsulo zoyamba zotere kuseri kwa khutu kuti anthu azimva.

Ine ndinkati poti lakumanzere likumva, basi zakwana. Mwana anayamba kulankhula mochedwerapo pang'ono, koma analankhula, ndiye ndinalibe nazo ntchito. Ndinadzidzimuka tsiku lina ali ndi zaka zinayi. Ndinamuitana ndili kumanja kwake, chapatali ndithu, iye anatembenukira kumanzere, n'kuzungulira thupi lonse ngati akufuna chinthu chimene wataya, mpaka anadzandipeza ndi maso. Anandimva, koma sanadziwe kuti mawu achokera kuti. Kudziwa komwe mawu akuchokera kumafuna makutu awiri. Taganizani mwana ameneyo akuwoloka msewu, galimoto ikuliza hutala. Taganizaninso ali m'kalasi yaphokoso, mphunzitsi ali mbali ya khutu lotsekalo. Chiyambire tsiku limenelo, chaka chilichonse ndimapita ndekha kukapempha aphunzitsi kuti amukhazike kutsogolo, khutu lakumanzere litaloza kumene iwo amaimirira.

Choncho, amayi, musanafunse za maonekedwe, pemphani kuti amuyeze kamvedwe ka makutu onse awiri m'miyezi yoyambirira yomweyi. Kuyezako kulipo kochitika mwana ali m'tulo, sikudikira kuti alankhule. Khutu labwinolo lisamaleni ngati diso: likayamba kupweteka kapena kutuluka mafinya musazengereze, chifukwa likatsekeka ndi chimfine chabe mwanayo amakhala alibe podalira. Ngati makutu onse awiri ali otseka, lamba uja si wodikira, akufunika m'miyezi yoyamba kuti mwana aphunzire kulankhula. Auzeninso madokotala aone chibwano ngati mbali zonse zikukula mofanana, ndi impso, chifukwa kwa ana ena zimenezi zimayendera limodzi ndi vuto la khutu.

Tsopano chimene chandilembetsa kalatayi. Mwana wanga ali ndi miyezi isanu ndi itatu, wachipatala wina, munthu wamtima wabwino ndithu, anayang'ana kanyamako n'kunena kuti akhoza kungokachotsa kuti pakhale posalala, ntchito ya mphindi zochepa. Ndinavomera. Tsiku linaperekedwa. Chinandipulumutsa n'chifuwa chimene mwanayo anadwala sabata imeneyo, ndiye tsikulo linadutsa, ndipo tisanapangane lina ndinakumana ndi dokotala wa maopaleshoni okonza ziwalo. Nditamufotokozera anangoti kukamwa yasa. Anagwira kanyamako ndi zala ziwiri n'kundionetsa kumunsi kwake, kofewa kuja. Anati pamenepa ndi pamene padzakhale poboolera ndolo pa khutu latsopano, ndipo palibe chinthu china m'thupi chofanana napo. Anandionetsanso khungu la kuseri, lopyapyala, lopanda tsitsi, lopanda chipsera. Khungu limenelo ndilo chuma cha mwanayu. Khutu lililonse lomanga m'tsogolo lidzafunika kufunditsidwa ndi khungu lomwelo, ndipo likachita zipsera silitamukanso bwino. Ndiye wina akakuuzani kuti angokadula, kaya angoboola kabowo, kanani mwaulemu mpaka mutaonana ndi munthu amene ntchito yake ndi yomanga makutu.

Njira yakale kwambiri ya opaleshoni yomangira khutu mwa zimene zikugwiritsidwabe ntchito ndi yosema khutu kuchokera ku nthiti za mwana yemweyo. Kumapeto kwa nthiti, pamene zimakumana kutsogolo kwa chifuwa, sikukhala fupa lolimba koma chicherewecherewe, chofanana ndi chimene chili m'khutu ngakhale n'chokhuthalapo. Dokotala amajambula khutu labwinolo pa pepala loonekera, n'kulitembenuza kuti likhale la mbali inayo. Kenako amatsegula pachifuwa, amachotsa chicherewecherewe cha nthiti zitatu kapena zinayi, kuyambira ya nambala 6 kutsika, n'kukhala pansi kusema ndi timipeni: mkombero payokha, mizere yam'kati payokha, n'kumalumikiza ndi tiwaya kapena ulusi. Akamaliza amalowetsa chosemacho pansi pa khungu lija, kapaipi kakang'ono n'kuyamwa mpweya, khungu n'kumamatira m'makwinya onse. Ndinaonetsedwa zithunzi za mphindi imeneyo. Posalala paja pamangotulukira khutu.

Funso langa loyamba linali lakuti, bwanji osatenga nthiti zanga, mwanayu mumusiye? Dokotalayo anaseka pang'ono n'kunena kuti sindine mayi woyamba kufunsa zimenezo. M'zaka za m'ma 1930 Harold Gillies, dokotala amene ankagwira ntchito ku Britain, anayesadi kumanga makutu ndi chicherewecherewe cha amayi a anawo, koma m'kupita kwa nthawi matupi a anawo anachisungunula, makutuwo n'kufota. Thupi limasunga chake chokha. Amene anasonyeza kuti nthiti za mwiniwake zimakhalitsa ndi Radford Tanzer wa ku America, mu 1959. Burt Brent wa ku California anaikonza njirayi kuti izichitika m'maopaleshoni atatu kapena anayi, kuyambira mwana ali ndi zaka 6 kapena chapomwepo. Satoru Nagata wa ku Japan anaifupikitsa kukhala maopaleshoni awiri, koma popeza njira yake imadya chicherewecherewe chambiri, ankadikira kuti mwana akwanitse zaka 10 ndipo chifuwa chake chifike masentimita 60 kuzungulira. Françoise Firmin wa ku Paris nayenso anatchuka ndi njira ya maopaleshoni awiri. Yachiwiriyo imachitika patapita miyezi ngati 6, ndipo ndi yotukula khutulo kuti lichoke pachigaza liime ngati linzake, n'kumata khungu lina kuseri kwake.

Ubwino wake ndi wakuti khutulo ndi lamoyo. Likachekeka limapola, limamva kukhudzidwa pakapita nthawi, ndipo likakhazikika ndi la moyo wonse. Koma tisanamizane. Pachifuwa pamapweteka kwambiri kuposa pakhutu, mwana amavutika kutsokomola ndi kuseka kwa masiku angapo, pamatsala chipsera, ndipo ena pamalowa m'kati pang'ono. Mapapo ali pafupi, choncho pamafunika dzanja losamala. Khutulo limakhala lolimba ndi lokhuthalapo, silipindika ngati lachibadwa. Ngati tsitsi la mwana limayambira m'munsi, khutu latsopanolo likhoza kumera tsitsi, n'kufunanso ntchito ina yolichotsa. Ndipo kukongola kwake kumadalira luso la wosemayo. Ndaona zithunzi za makutu oti simungadziwe kuti ndi omanga, ndaonanso ena oti munthu akanangosiya kanyama kaja. Madokotala ozolowera ntchitoyi ndi ochepa padziko lonse. Musachite manyazi kufunsa kuti pachaka amamanga makutu angati, ndipo akuonetseni zithunzi zojambula patapita chaka, osati za tsiku la opaleshoni. Khutu loyamba likalakwika, lachiwiri silibwera bwino ngati loyambalo.

Njira ina imasiya nthiti pamalo pake n'kuika khutu lopangidwa kale ndi pulasitiki yapadera ya timabowo tosaoneka ndi maso, yodziwika ndi dzina lakuti Medpor. John Reinisch wa ku Los Angeles anayamba kuigwiritsa ntchito pa makutu mu 1991. Amatenga kanembanemba kokhala ndi mitsempha ya magazi pansi pa khungu la m'mutu, chapamwamba pa khutu, n'kukutira nako pulasitikiyo, kenako n'kumata khungu pamwamba. Minofu imalowerera m'timabowo tija n'kuigwira. Imatheka mwana ali ndi zaka zitatu zokha, nthawi zambiri ndi opaleshoni imodzi, chifuwa osachikhudza. Kwa kholo lofuna kuti mwana akayambe sukulu ali ndi makutu awiri, njirayi imakoka mtima, ndipo inenso inandikoka. Chinandibweza n'chakuti pulasitiki ndi mlendo m'thupi mpaka kalekale. Khungu likang'ambika pamwamba pake imatulukira poyera ndipo sipadzipolera pokha, pakalowa tizilombo pamavuta, ndipo ikhoza kuthyoka mwana akagundidwa zolimba. Wanga ndi wokwera mitengo ndi wogwa pa mpira tsiku ndi tsiku. Kholo la mwana wofatsa mwina lingaganize mosiyana, ndipo sindingalitsutse.

Ndiye pali khutu lovala, la silikoni, chinthu chofewa ngati labala. Ambiri amalinyoza asanalione. Ine ndinaligwirapo m'manja, la bambo wina amene tinakumana naye podikira dokotala, ndipo analichotsa yekha n'kundipatsa ngati akundibwereka cholembera. Linali lopepuka, lofewa, lopakidwa mtundu wa khungu lake mpaka timadontho ndi timitsempha. Pa njira zonse, limeneli ndi limene limafanana kwambiri ndi khutu lenileni, chifukwa amaliumba potengera linzake. Ena amamata ndi guluu wapadera m'mawa uliwonse. Ena amaikitsa tizitsulo tiwiri kapena titatu ta titaniyamu m'fupa, nzeru ya ku Sweden yomwe ija, khutulo n'kumagwira ndi maginito kapena kokowera. Bamboyo ankalibwezera pamalo pake osayang'ana pagalasi, kungomveka kuti khe.

Koma anandiuzanso zina. Amalivula pogona. Khungu lozungulira tizitsulo amalitsuka tsiku lililonse, akaphonya limafiira ndi kutupa. Mtundu umasuluka ndi dzuwa ndi thukuta, m'mphepete mumang'ambika, moti pakapita zaka zochepa amafunika lina. Kukatentha nkhope imasintha mtundu koma khutulo ayi. Kwa munthu wamkulu amene anataya khutu pangozi, pamoto kapena ndi khansa, kapenanso amene opaleshoni inamukanika, ndi chinthu chabwino zedi. Kwa mwana wa pulayimale ine ndimakayika. Tsiku limene lidzagwe pabwalo la masewera anzake akuona, lidzamupweteka kuposa kanyama kamene anzakewo anakazolowera kale. Komanso pofuna kuika tizitsulo tija nthawi zambiri amachotsa kanyamako ndi kupyapyalitsa khungu, ndiye njira ya nthiti imakhala yavutirapo. Kuchoka ku nthiti kupita ku silikoni n'kosavuta, koma kubwerera n'kovuta. La guluu lokha ndi limene munthu angayesere osawononga kanthu.

Dziwani kuti pa njira zonsezi palibe imene imabweretsa kumva. Khutu lomanga, kaya lokongola bwanji, limakhala pakhomo lotseka. Kuboola ngalande ndi opaleshoni ina, ya dokotala wina. Amayamba ajambula mutu ndi makina a CT mwana atasinkhukapo, n'kupereka mapointi mpaka 10 malinga ndi mmene ziwalo zam'kati zilili, potsatira muyeso wa dokotala wa makutu wa ku America, Robert Jahrsdoerfer. Opeza 5 kapena kucheperapo nthawi zambiri sawachita, chifukwa phindu limachepa pamene chiopsezo chilipo: mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa pomwepo, ndipo mwa ana otere umatha kukhala pamalo posayembekezereka. Ngalande yoboolayo imathanso kutsekeka pakapita nthawi, ndipo imafuna kutsukidwa ndi dokotala moyo wonse. Wanga anapeza 5. Ndinalira, kenako ndinapepukidwa, poti chosankha chimodzi chinandichokera m'manja. Ngati wanu adzapeze ambiri, madokotala awiriwo akambirane asanagwire mpeni. Pa njira ya nthiti, khutu limayamba ngalande n'kutsatira. Pa ya pulasitiki, ngalande imayamba kapena zimachitikira limodzi. Ngakhale malo oika kachitsulo ka kachipangizo kothandiza kumva ayenera kusankhidwa poganizira pamene khutu lidzakhale.

Achibale adzakutumizirani nkhani za pa intaneti za makutu olimidwa m'chipinda choyezera zinthu. Si bodza. Mu 2018 akatswiri a ku China analengeza kuti anamangira ana asanu makutu kuchokera ku maselo a kanyama kawo komwe, ndipo mu 2022 ku Texas mtsikana wazaka 20 anaikidwa khutu losindikizidwa ndi makina kuchokera ku maselo ake. Zidakali zoyesera, musaimitse moyo podikira zimenezo. Koma onani kumene maselowo anawatenga: m'kanyama komwe kaja ine ndinatsala pang'ono kudulitsa.

Kusachita chilichonse nakonso ndi njira, ndipo madokotala abwino amaitchula. Alipo akuluakulu amene anakula ndi kakhutu kawo, anakwatira, ali pantchito, ndipo safuna kumva za mpeni. Ine zaka zoyambirira ndinkamuveka mwana chipewa ngakhale kukutentha. Tsiku lina anandifunsa ngati khutu lake ndi lonyansa, poti ndimalibisa. Ndinasowa choyankha. Chipewacho ndinachisiya tsiku lomwelo, ndipo ndinamuphunzitsa kuyankha yekha akafunsidwa: ndinabadwa nalo, silipweteka, ulankhulire mbali iyi. Ana anzake akamva zimenezo ambiri amabwerera ku masewera. Akuluakulu ndi amene amavuta.

Chimene chinamupangitsa kufuna khutu si kusekedwa ayi. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, masiki inkakana kukhala. Chingwe chakumanja chinalibe pokola, ndiye ndinkachita kusokerera mabatani pa kansalu kodutsa kunkhongo. Chaka chatha anamulembera magalasi a maso, vuto n'kukhala lomwelo, amangopendekeka akamalemba. Anabwera yekha n'kunena kuti akufuna pokoleka magalasi. Tinakhala pansi, ndinamufotokozera zonse zimene ndalemba panozi, osabisa za kupweteka kwa pachifuwa. Anafunsa mafunso awiri okha: ngati adzasiye mpira, ndi ngati kakhutu kake adzakataye. Nditamuuza kuti mpira adzapuma kwa miyezi ingapo basi, ndipo kumunsi kwa kakhutuko kudzakhala mbali ya khutu latsopanolo, anasankha nthiti.

Tsopano tikudikira chifuwa. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse amabwera ndi tepi yoyezera, wavula kale malaya, n'kukweza manja m'mwamba. Amakoka mpweya wambiri kuti andinamize, ine n'kumugwira m'nthiti kuti aseke autulutse. Mwezi uno tepi inaima pa 58.

Ndine,
Mayi wa mnyamata amene amadzitcha yekha "wa khutu limodzi ndi theka"